Mmene Tinakhuthulira Galaja ya a Chikadza

Amene anadzandichingamira pabwalo la ndege ku Perth anali a Chikadza, bambo wa ku Ntcheu, namwino pachipatala china cha ku Joondalup komanso mkulu wa mpingo. Sitinkadziwana. Abusa athu ku Kawale ndiwo anatilumikizitsa atamva kuti ndapeza ntchito yosamalira okalamba kunja koma ndilibe kofikira. Kwathu ndinasiya mayi anga ndi mchemwali wanga Esinati, amene pondiperekeza anandinong'oneza kuti ndisaiwale kuti mafirizesi ake amaziziritsa m'firiji yobwereka.

Tili pa ulendo wa ku Morley kumene kunali nyumba, ndinaona firiji itaima pakapinga m'mbali mwa msewu. Pambali pake panali sofa, wailesi ya kanema, kanjinga ka mwana ndi mapoto.

"Kalanga ine," ndinatero. "Awa awatulutsa m'nyumba."

Nyumba yotsatira chimodzimodzi. Inanso chimodzimodzi. Msewu wonse katundu ali panja. Mumtima ndinati ngati eni dziko akulephera lendi chonchi, ine mwana wa ku Kawale nditha sabata?

A Chikadza anangoponda buleki, n'kutsika, n'kuyamba kugogoda tebulo lina ngati munthu wogula chivwende.

"Aphwanga, tatsikani. Gwirani mbali iyo."

Motero ndinafika panyumba yanga yoyamba ku Australia tebulo lili pamiyendo, mwendo wake umodzi utatulukira pawindo.

Pambuyo pake ndinadziwa kuti palibe amene anathamangitsidwa. Kumeneko pa nyengo zina khonsolo imalola anthu kutulutsa katundu amene atopa naye, lole n'kudzatola. A Chikadza ankadziwa dera lililonse ndi nyengo yake kuposa mmene ankadziwira masiku obadwa a ana awo. Mwambo umenewu ankautchula kuti kaunjika wa Mulungu. Zonse zimene ankatola zinkalowa m'galaja, ndipo chilichonse chinali ndi mwini wake ku Malawi. Mashini osokera anali a azakhali awo. Makompyuta anali a sukulu ya kumudzi kwawo, kumene magetsi anali asanafike. Panjira yolowera m'galaja panaima kapikapu kakale kopanda injini, kamene kanali kodzanyamula kabichi ku Tsangano. Zonsezi zinkadikira kontena, ndipo kontenayo inali ya chaka chamawa. Chaka chilichonse inali ya chaka chamawa.

Sindinama, matendawa ndinawatengera. Firiji ya Esinati ndinaipeza ku Fremantle, ndinaijambula n'kumutumizira chithunzi, iye n'kulengeza Kawale yense.

Kenako kunabwera mliri uja. Malire anatsekedwa, osati a dziko okha komanso a chigawo chathu, moti ngakhale kupita ku Sydney kunali ngati kupempha viza. Akazi a a Chikadza ndi ana, amene anapita kwathu kukaona makolo, anatsekeredwa komweko. Ife ntchito inachuluka. Ndinkakwera basi pa Morley kukadali mbuu, masiki kumaso, kukasambitsa agogo amene sankandizindikiranso chifukwa cha masikiwo. Gogo wina tsiku lililonse ankandifunsa ngati ndabwera kudzaba. Ana a agogowo ankawaonera pawindo, manja atagunditsa pagalasi, ife tili pambali kugwirizira mpando. Pa nthawi yopuma tinkakhala motalikirana, ine ndi anzanga a ku Philippines ndi ku Nepal, aliyense maso pafoni kuwerenga za maliro a kwawo. Pakutha pa mwezi tinkatumiza kangachepe, poti kumeneko ntchito zinali zitaima.

Za kontena zinangozirala. Mvula ya m'nyengo yozizira inalowera padenga la galaja, masofa anachita nkhungu, makoswe anakwatirana n'kuberekana m'mashini osokera a azakhali.

Tsiku lina kunabwera ejenti wa mwini nyumba kudzayendera, monga amachitira. Anali mtsikana waulemu, woseka ndi maso pamwamba pa masiki. M'nyumba anayamikira. Atafika pagalaja anapempha kuti titsegule. A Chikadza anakweza chitseko pang'onopang'ono, ndipo chinayamba kutuluka ndi chigubu, kenako mpando wa ofesi unatsetsereka wokha n'kukaima pamapazi pake. Khoswe anatuluka pambuyo, osathamanga n'komwe, ngati mwini malo amene wabwera kudzaona amene akugogoda.

Kuseka kwa m'maso kuja kunatha. Anati zimenezi zikhoza kuyambitsa moto, ndipo akadzabweranso galaja isanakhuthulidwe, mgwirizano wa lendi sadzawonjezera. Masiku amenewo nyumba za lendi ku Perth zinkasowa ngati shuga wa pa nthawi ya mizere. Anzathu ena a kumpingo ankagona pabalaza pa anzawo ndi ana omwe. Nyengo ya kaunjika wa Mulungu m'dera lathu inali kutali, ndiye kutulutsa panja sikukanatheka.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandiuza za sikipu. Ndi chibini chachikulu chachitsulo, chotseguka pamwamba, chimene lole imadzatsitsa pakhomo pako, ukadzaza, imadzachinyamula. Ndinaimbira kampani ina ya derali. Ndinkayesa ndi nkhani yongoti bweretsani, iwo n'kubweretsa. Mayi amene anayankha anandifunsa mafunso ngati ndikufunsira mwana wake. Mutayamo chiyani? Muli dothi kapena njerwa? Pakhomo pali mawaya a magetsi m'mwamba? Kenako anayamba kutchula zoletsedwa: matayala, mabatire, penti, masilinda a gasi, mafuta a galimoto, ndi asibesitosi, mawu amene ndinangoti eya osawalabadira. Matiresi ndi firiji anati zili ndi dongosolo lake, osangoponya. Katundu asapitirire mlomo wa sikipu. Ndipo pomaliza anati, "Dzina limene talemba ndi lanu, bambo. Chilichonse chopezeka mmenemo ndi chanu, ngakhale ataponya ndi munthu wina."

"Nanga tiiika pati?" anafunsa.

Ndinati pakapinga pa kutsogolo, poti panjira ya galaja pali kapikapu kosayenda.

"Pamenepo ndi pa khonsolo. Mufunika chilolezo."

"Pepani mayi, mwina simunamve. Ndi pakhomo pathu. Udzu wake ndimatchetcha ndine."

"Kutchetcha ndi kwanu," anatero. "Malo ndi a khonsolo."

Nditawafotokozera a Chikadza anaseka mpaka kutsokomola. "Chilolezo chotayira zinyalala! Aphwanga, kwathu dzala timakumba ndi khasu, osati ndi pemiti." Ndinawapempha kuti tikankhe kapikapu. Anati kapikapu sikasuntha mpaka tsiku lokwera sitima ya pamadzi. Ndiye ndinapempha chilolezo kukhonsolo, ndipo chinabwera ndi malamulo akenso: sikipu isatseke kanjira ka oyenda pansi, isakhale pamwamba pa mita ya madzi, isaphimbe maso a oyendetsa galimoto pakona, ichoke tsiku lake likakwana, ndipo lole ikaswa simenti ya m'mphepete mwa msewu, wokonza ndine.

Tsiku limene sikipu inabwera ndinali kuntchito. Ndinasiya nditaika njerwa pamakona a malo ovomerezeka, n'kuwaonetsa a Chikadza kawiri konse. Pobwera madzulo ndinaipeza ili pansi pa mtengo wa bulugamu, itapingasa kanjira ka oyenda pansi bwinobwino.

"Achimwene, nanga njerwa zija?"

"Paja pali dzuwa. Katundu angapse."

"Katundu wake uti? Zinyalala?"

"Aphwanga, mawu amenewo muziwasankha."

M'mawa mwake kunabwera renja, woyendera wa khonsolo woona ngati malamulo akutsatidwa, bambo wamtali wa kabudula ndi chipewa chachikulu. Anati gogo wina wa mumsewu wathu amene amayendera kanjinga ka magetsi walephera kudutsa, mpaka analowa mumsewu wa galimoto. Anafunsa mwini dzina la pachilolezo. Ndinati ndine. Nthawi imeneyo n'kuti ndikudikira mapepala okhalira m'dzikomo, ndipo ndinkaopa chilichonse chovala yunifolomu, ngakhale wowerenga mita. M'maganizo ndinadziona ndikutsika ndege ku Lumbadzi, anthu akufunsana kuti anam'bweza chifukwa chiyani, ena n'kumayankha kuti chifukwa cha bini.

A Chikadza anatuluka atavala jekete ya kumpingo, nayamba kumufotokozera renja uja za dzuwa. Bambo uja anamvetsera mpaka kumapeto, nayang'ana m'sikipu mmene munali mpando umodzi wothyoka basi, n'kunena kuti lero angotichenjeza, koma dzuwa lisanalowe ikhale itabwerera pamalo ake. Kampani inatumizanso lole, osati mwaulere. Madzulo ndinapita kukapepesa kwa gogo uja. Anandikhululukira, n'kundifunsa ngati m'sikipu mwathu mungakwane kabati yake yakale.

Walira mvula walira matope. Sindinkadziwa kuti sikipu ikaima pamsewu imaitana. M'mawa uliwonse ndinkapezamo zinthu zimene sindinaziponyemo: matayala, zitini za penti, silinda ya gasi, zonse zoletsedwa zija ngati kuti anthu ankamvera nawo foni yanga. Ndinkalowamo ndi yunifolomu ya kuntchito kuzitulutsa, n'kuziunjika kuseri kwa nyumba kuti ndidzazipititse kumalo ake a khonsolo. Tsiku lina ndinapezamo matiresi aakulu. Ndinakuwa ndi ukali, a Chikadza n'kutuluka ndi mswachi kukamwa. Anawadina ndi chala, nawanunkhiza.

"Aphwanga, awa ndi abwino kuposa amene ndikugonera. Gwirani mbali iyo."

Kuyambira pamenepo anayamba kudzuka ine ndisanadzuke. Zimene aneba ankaponya, iwo ankalowetsa m'galaja. Zimene ine ndinkaponya madzulo, m'mawa ndinkazipeza zabwerera pamalo ake, zina zitapukutidwa. Ndikawafunsa yankho linali limodzi: "Imeneyo ikungofunika fyuzi." Wailesi ikungofunika fyuzi. Fani ikungofunika fyuzi. Tsiku lina ananena chimodzimodzi za mpando wa pulasitiki wa miyendo itatu. Masiku a chilolezo ankatha, sikipu ili pafupifupi yopanda kanthu, galaja itadzaza kuposa poyamba, ndipo tsiku la ejenti likuyandikira. Tinasiya kudyera limodzi. Munthu amene anandilandira ngati mbale wake ndinayamba kumupatsa moni wa pakhosi.

Chimene chinatipulumutsa ndi mliri womwewo, Mulungu andikhululukire. Kuchipatala kwawo kunapezeka wodwala amene anali ndi kachilomboka, ndipo a Chikadza ndiwo ankamusamalira. A zaumoyo anawauza kuti abindikire m'chipinda mwawo osatuluka mpaka adzawalole. Malamulo a nthawi imeneyo ankasintha ngati mphepo ya m'Ogasiti, koma ine anati ndikhoza kuyenda bola ndisayandikane nawo. Ndinkawaikira chakudya pakhomo n'kugogoda. Sanadwale, ankangodandaula kuti ndiwo zachepa mchere.

Nditangotsimikiza kuti ali bwino, ndinaimbira anaBanda, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu, namwino wa zaka zambiri amene ngakhale madokotala ankamuopa. Loweruka m'mawa anafika ndi gulu la amayi ndi amuna awo, onse ndi masiki ndi magolovesi. Vuto linali limodzi: windo la chipinda cha a Chikadza linayang'ana pagalaja penipeni.

Titangokweza chitseko, katani inasuntha.

"AnaBanda! Mwadzuka bwanji? Kodi kuli mwambo wanji?"

"Tadzuka bwino, akulu a mpingo. Tabwera kudzazonda odwala."

"Nanga odwala ali m'galaja?"

"Amene ali m'galajawa ndi omwalira kale. Tabwera kudzaika maliro."

Ntchito inayamba. Iwo ali pawindo, mphuno itagunda sefa ya udzudzu, kuitana chinthu chilichonse ndi dzina la mwini wake ngati kalembera. "Imeneyo ndi ya a hedimasitala! Aphwanga, mukuiona? Ikungofunika fyuzi! A Phiri, inunso? Ine ndinakuimirirani pa ukwati wanu!" A Phiri anaima ndi kompyuta m'manja, kuyang'ana windo, kuyang'ana akazi awo, n'kusankha kumvera akazi awo.

"A Chikadza," anatero anaBanda, "boma lati mubindikire. Pakamwa panunso pabindikire."

Koma Mmalawi ndi Mmalawi. Ndinazindikira kuti katundu wina akutuluka m'galaja koma sakufika m'sikipu. Mayi wina anapatuka ndi mapoto kulowera kugalimoto yake. A Phiri anati mashini otchetchera udzu akawayesa kunyumba, mwina akungofunika, n'kudzigwira pakamwa. AnaBanda amene, mtsogoleri wa maliro, ndinawapeza akukankhira mashini osokera kumbuyo kwa galimoto yawo atakutumula makoswe. Zinyalala zathu zambiri sizinatayidwe, zinangosamuka ku Morley kupita ku Joondalup, kumene ambiri a iwo ankakhala. Firiji ya Esinati titaitsegula tinapeza mkati mwamera zinthu za mitundumitundu, ndipo inapita ndi anthu otola zitsulo. Ndinalakwitsa kumuimbira pa vidiyo kuti aone yekha.

"Achimwene, sopo kulibe ku Australia?" anakuwa. "Mukutaya firiji chifukwa cha litsiro?" A Chikadza pawindo anaomba m'manja, kuti pamapeto pake kwapezeka munthu wanzeru.

Ngakhale zinali choncho, pofika madzulo sikipu inali itadzaza mpaka kupanga phiri pamwamba. Azibambo anakwerapo kupondaponda ngati akuponda dothi la njerwa. Tinaphimba ndi lona, anthu n'kubalalika.

Lolemba lole inabwera. Dalaivala, bambo wonenepa wa ndevu zofiira, anatsika n'kuvundukula lona. Anapukusa mutu, nandionetsa mzere wofiira umene unali m'mbali mwa sikipu, wolembedwa ndi zilembo zazikulu zimene tonse tinaziona koma palibe anaziwerenga. Anati katundu wopitirira mzerewo sanganyamule, chifukwa chinthu chikagwa pamsewu n'kuvulaza munthu, mlandu ndi wake ndi wanga. Ndinayamba kumuchonderera monga timachitira kwathu, kuti bwana tangothandizani, ndi pang'ono pokha. Sanandimvere n'komwe. Maso ake anali pa zinthu zina zimene azibambo anasanjika pamwamba penipeni kuti zipanikize katundu: malata otuwa a simenti, a mizeremizere. Anabwerera m'mbuyo.

"Bwanawe, awa mwawatenga kuti?"

Anali a a Chikadza, amene anawatola pamene munthu wina ankagwetsa mpanda wakale. Anakhala atatsamira kuseri kwa galaja kudikira kukafolera khola la nkhumba kumudzi.

"Ameneyu ndi asibesitosi. Mwathyolapo limodzi?"

Sitinathyole, mwa chisomo chokha, poti anawaika kuponda kutatha. Dalaivala anati ndisawakhudzenso, ndiitane anthu amene ali ndi chiphaso chochotsera zimenezi, ndipo sikipu sichoka mpaka atachoka. Apa m'pamene mawu a mayi wa pafoni aja anandibwerera. Kuntchito kwathu kunali gogo wina wamwamuna amene paunyamata wake ankacheka malata otere pomanga nyumba. Ankapuma ndi chipangizo cha mpweya, ndipo pomusambitsa tinkaima kangapo kuti apezenso mpweya. Fumbi lake limalowa m'mapapo n'kukhala chete zaka zambiri.

Ndinayang'ana pawindo. A Chikadza anali atamva zonse. Iwo ndi namwino, matendawa ankawadziwa kuposa ine, kungoti sanaganizepo kuti ndi malata awo omwewa. Sanatchule fyuzi.

"Ndiye kuti ndikanawatumiza," anatero, "adzukulu a azakhali akanawacheka ndi sowo. Ndikanatumiza imfa kwathu, ndi kulipira sitima."

Ndinapemphanso khonsolo kuti iwonjezere masiku a chilolezo, ndipo inavomera. Anthu a chiphaso aja anabwera atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndi zophimba kumaso za ngati mphuno ya nkhumba. Anazunguliza tepi, nanyowetsa malata aja ndi madzi, nawakulunga m'mapulasitiki okhuthala. Aneba atasuzumira n'kuona anthu ovala zoyera pakhomo pathu, kuphatikiza munthu amene wakhala akukuwa pawindo osatuluka, anamaliza okha masamu. Kuyambira tsiku limenelo palibe anaponyanso ngakhale chitini m'sikipu mwathu. Anthu ankawoloka msewu akafika pakhomo pathu, ndipo gogo wa kabati uja anatisiyira supu pageti n'kuthawa ndi kanjinga kake.

Kunatsala kuphwasula phiri lija kuti lifanane ndi mzere. Ntchitoyi ndinaigwira ndekha madzulo nditaweruka, kutsitsa zapamwamba n'kuika mu ngolo yobwereka. A Chikadza ankangoonerera, osalimbananso ndi kanthu. Ndili mkati mofukula ndinakoka choyendera cha okalamba, chija cha mawilo anayi, chokhala ndi kampando, kabasiketi pansi ndi mabuleki kuzogwirira. Kuntchito timangoti woka. Chinali chabwinobwino, koma ndinali nditatopa, ndipo ndinachikweza kuti ndichiponye mu ngolo.

"Aphwanga."

Mawu awo sanali aja a Loweruka. Anali apansipansi.

"Icho chokha musataye."

Ndinachitsitsa. Iwo anati chimenecho sanatole pamsewu. Anachita kugula chatsopano, cha bambo awo amene miyendo inkawavuta. Bambowo anamwalira chaka chapitacho malire ali otseka. Ndinalipo tsiku limene a Chikadza anaonera malirowo pafoni, atakhala pampando wa kukhitchini atavala suti, netiweki ikudukaduka, mpaka chithunzi chinaima pa mapazi a munthu wina ndipo pobwerera n'kuti manda atakwirira kale. Koma za woka sanandiuzepo.

"Ankandifunsa kuti galimoto yanga ija ifika liti," anatero. "Ine ndinkati chaka chamawa, ndi kontena. Chinthu chopindika ichi, aphwanga. Chikanakwera ndege ndi munthu aliyense wopita kwathu. Koma ine ndinkafuna zonse zifike limodzi, lole iime pabwalo, mudzi wonse uone."

Ndinachipukuta n'kuchiimika pakhomo pa chipinda chawo, pambali pa mbale ya chakudya.

Sikipu inanyamulidwa m'mawa mwake, dalaivala wa ndevu zofiira atayendetsa dzanja pamwamba pake ngati wogulitsa chimanga woyeza ndowa. Ejenti atabwera anapeza galaja ikulira mawu ngati tchalitchi chopanda anthu, ndipo anatiwonjezera mgwirizano. Kapikapu anangokayang'ana n'kupumira m'mwamba.

Malire atatsegulidwa, ine ndinali woyamba kupeza tchuthi. Kwathu ndinapeza zinthu zasuntha. Mayi anga anali atachepa thupi, ndipo ankanditchula kuti alendo. Esinati anali atasiya mafirizesi kalekale, ali ndi kagolosale ndi mafiriji ake awiri ogula yekha, koma nkhani ya firiji yanga ankaifotokozabe kwa kasitomala aliyense, ine ndili pomwepo. Anthu angapo amene ndinkayembekezera kuwaona anandionetsa manda awo.

Sabata yachiwiri ndinakwera basi ya ku Ntcheu ndi woka uja. A Chikadza anati ndikapereke kwa mayi awo, poti nawonso ndi okalamba. M'maganizo mwanga ndinkaona gogo wofooka ali pamkeka, ndipo m'basi ndinkakonzekera mmene ndikawaphunzitsire kuimirira nacho pang'onopang'ono monga timachitira kuntchito. Kunyumba sindinawapeze. Anandilozera kumsewu waukulu, kumene ndinapeza mayi wamfupi wa mawu ngati a mwana wawo, akuthamangira minibasi ndi beseni la tomato pamutu, kupitirira atsikana.

Nditadzifotokoza anandikhazika pa thumba la mbatata, nafunsa za mwana wawo, ngati akudya, ngati wanenepa. Kenako ndinatambasula woka uja, n'kunena mawu amene ananditumiza: kuti chinali cha bambo, chachedwa, akupepesa. Mayi aja anachigwira pazogwirira. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Akanachikonda," anatero. "Akanavutitsa nacho mudzi wonse."

Ndinayamba kuwaonetsa mmene munthu amatsamirira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, ukundiona ngati wodwala ine?"

Anatenga beseni la tomato n'kuliika pakampando. Linakwana ngati anachita kuyeza. Anyezi analowa m'kabasiketi ka pansi. Anafinya mabuleki, nawasiya, nawafinyanso, amayi anzawo a pamsika atazungulira. Nthawi yomweyo basi yaikulu ya ku Blantyre inaima kutsidya, ndipo mayi aja ananyamuka nacho liwiro, mawilo akulira pamiyala, tomato osagwa ngakhale mmodzi. Anafika pamawindo a basi anzawo akadali kusenza mabeseni.

Pobwerera, beseni lili lopanda kanthu, anaima patsogolo panga n'kumanga buleki.

"Ukamuuze Chikadza kuti galimoto yafika," anatero akupuma mwawefuwefu. "Koma anzangawa akuti atumize zina zisanu. Akuti kumeneko amazitaya."